Dontho Limene a Khutu Sanaike

Bambo anga anthu amawatchula kuti a Khutu. Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso basi, moti ngakhale malemu Mayi akapsa mtima ankati "inu a Khutu inu." Anakonza njinga zamoto kwa zaka makumi atatu, ndipo m'zaka zonsezo sindinawaonepo akuyamba ntchito ndi sipanala. Munthu akabwera ndi njinga yake n'kuyamba kulongosola mavuto, Bambo ankangokweza dzanja kuti akhale chete, n'kumuuza kuti ailize. Ankapendeketsa mutu, kutsinzina diso limodzi, kenako n'kutchula chimene chadwala m'kati mwa injini. Akaitsegula ankachipeza momwemo. Ankanyada nazo kwambiri, ndipo ine sindingawaweruze, chifukwa kupatula khutu limenelo analibe china. Nyumba ndi yalendi, galaja inali shedi ya malata anayi, sukulu anasiyira panjira.

Msana utayamba kuwavuta anasiya zowerama tsiku lonse, koma khutu silinakalambe. Anadzipezera ntchito ina yopepukirako, yoperekeza anthu okagula njinga zakale. Anatenga thabwa, kulemba okha ndi penti woyera kuti MUSANAGULE NJINGA FUNSANI A KHUTU, n'kulikhoma pageti. Anyamata a kabaza, aja onyamula anthu panjinga, ankagogoda pageti limenelo m'mawa uliwonse. Bambo akanena kuti gula, munthu ankagula osayang'ananso m'mbuyo. Akagwedeza mutu kukana, wogulitsa ankadziwa kuti tsiku lamuthera. Thabwa limenelo ndi limene linkatidyetsa, ndipo kwa Bambo linali loposa chakudya.

Anali ndi kachitidwe kawo kamene aliyense ankakadziwa. Mukagwirizana mtengo, njinga sumaitenga tsiku lomwelo, imagona kwa wogulitsa mpaka mapepala a umwini asinthidwe. Ogulitsa achinyengo amabera pamenepo: amachotsa tayala labwino n'kuika lakutha, amasintha mabuleki, amasintha chilichonse chimene chingamasulidwe. Ndiye Bambo ankayenda ndi kabotolo ka utoto wofiira wopaka m'zikhadabo, koyamba anachita kuwabera Mayi pawindo, ndipo akatha kuyesa njinga ankadontheza kadontho pa chitsulo chilichonse chamtengo, pamalo amene ankawadziwa iwo okha. Mawa lake ankayendera madontho awo limodzilimodzi. Limodzi likasowa, malonda ankathera pomwepo.

Bambo anali ndi mnzawo amene anagwira naye ntchito m'shedi muja zaka khumi ndi chimodzi. Ameneyo anthu ankamutchula kuti Sopo, chifukwa akagwira chitsulo chimodzi ankasamba m'manja katatu. Ine ndinakula ndikumutchula kuti amalume. Ankadya kwathu, ankandigulira masiwiti, ndipo tsiku la maliro a Mayi ndi iye amene anawagwira Bambo pamkono. Kenako anatopa ndi girisi. Anatsegula malo ogulitsira njinga zamoto zamagetsi zogwira kale ntchito, zimene ankagula ku kampani ina yotumiza katundu ikamataya zakale. Anayamba kuvala nsapato zoyera. Lero ndikamaona munthu wa nsapato zoyera pamalo ogulitsira zitsulo, ndimagwira chikwama changa.

Ine ntchito yanga ndi yophika makeke kunyumba. Ogula anga ambiri amakhala kumtunda, kumene kuli nyumba zamipanda, ndipo kuti ukafike kumeneko pali chitunda chachitali chimene chimayambira pasiteji ya kabaza, pafupi ndi msika, n'kukathera pa thanki ya madzi. A kabaza keke amainyamula ngati thumba la simenti. Nditatopa ndi kupepesa anthu chifukwa cha makeke opindika, ndinasunga ndalama zaka ziwiri kuti ndigule njinga yangayanga. Ndinkafuna yamagetsi, yoti ndizitchaja pakhonde m'malo moima pamzere wa petulo keke ili kusungunuka. Bambo sankazikonda njinga zimenezi. Ankati njinga yosalankhula ili ngati mkamwini wosayankha moni. Komabe anavala chipewa chawo, kuika kabotolo m'thumba la malaya, n'kunena kuti tipite kwa Sopo, poti kumeneko ndi kwathu.

Sopo anatilandira ndi manja awiri. Anatiuza kuti mwana wake sangamupatse chinthu chachabe, ndipo analowa kuseri kwa shedi yake n'kutuluka akukankha njinga yabuluu. Bambo anaikwera, ine kumbuyo, ndipo tinakwera chitunda chija kawiri. Njinga inakwera ngati pamalo athyathyathya. Titabwerera Bambo anazunguza matayala khutu lili pafupi, anatsindira mabuleki, anayang'ana ngati felemu inawotcheredwapo. Atakhutira anatulutsa kabotolo. Anadontheza pa matayala onse awiri, pa mabuleki, pa mashoko, pa mota, pa chiwongolero, ngakhale pa magalasi. Amene anawagwirira kabotolo pamene ankawerama anali Sopo yemweyo, akumwetulira.

Pansi pa mpando panali bokosi lalikulu lakuda lokhala ndi chogwirira, loti umangolisolola. Limenelo ndiye batire. Bambo analimenya ndi chikhatho ngati akupatsa moni galu wa eni ake, n'kupitirira. Pa njinga ya petulo batire ndi kanthu kachabechabe koliza hutala ndi kuyatsa nyale, ndipo m'zaka makumi atatu anali asanawonongepo dontho pa batire. Dzanja lawo silinkalidziwa. Pa njinga yamagetsi batire ndiye njinga yeniyeniyo, zinazo ndi zongolinyamula. Ine ndinali pomwepo, ndinaona, sindinanene kanthu, poti ine chimene ndimadziwa ndi ufa ndi mazira. Sopo ankadziwa zonse ziwiri. Ankadziwa batire, ankadziwanso dzanja la Bambo.

Mawa lake tinakatenga njinga. Bambo anayendera madontho awo, onse anali m'malo mwake, ndipo anamugwira Sopo chanza.

Tsiku lachitatu ndinali ndi keke ya nsanjika zitatu ya banja lina limene linkakumbukira tsiku la ukwati wawo. Njinga ndinali nditaitchaja mpaka kudzaza. Pa kagalasi ka pachiwongolero pamaoneka timizere tisanu tosonyeza moto wotsala, ndipo podutsa pasiteji tonse tisanu tinalipo. Nditangoyamba kukwera tinatsala titatu. Ndisanafike pakati pa chitunda kanatsala kamodzi, kenako njinga inangoti zii, osalira, osatsokomola, kungoima. Ndinatsika n'kuyamba kukankha. Dzuwa linali paliwombo. Pofika pa thanki ya madzi nsanjika yapamwamba inali itatsetsereka n'kukhala pambali pa inzake, ndipo mayi wa nyumbayo anaiyang'ana, kundiyang'ana ine, n'kutseka geti. Potsika, a kabaza onse pasiteji anali ataimirira kundidikirira. Mmodzi anafunsa mokweza ngati imeneyi si njinga ija anaiyesa a Khutu.

Kunyumba Bambo anayenderanso madontho awo, ngati kuti mwina limodzi lathawa panjira. Kenako anasolola batire, kulitembenuza, kuliyang'ana nthawi yaitali. Chogwirira chake chinali ndi mng'alu umene lija la tsiku loyesa linalibe. Anakhala pansi pa sitepe. Ndinkayembekezera kuti apepesa, kapena atukwana, kapena anyamuka ndi chitsulo m'manja.

"Akakufunsa, unene kuti unaiwala kutchaja," anatero.

Ndinawafunsa ngati amva zimene anena. Anati amva. Anati pakangomveka kuti a Khutu anamizidwa pa njinga ya mwana wawo yemwe, thabwa lija ndi nkhuni, palibenso amene adzagogode pageti. Ndinapsa mtima moti ndinalowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko, koma mawa lake a kabaza atandifunsa ndinanena momwemo, kuti ndinaiwala kutchaja. Anaseka mpaka kugwira mimba. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa pasiteji linakhala a Oiwala.

Kwa Sopo tinapita tsiku lomwelo masana. Bambo anadikira kuti anthu achoke, kenako anamuuza motsitsa mawu kuti batire lija si limene tinayesa. Sopo sanakane, sanavomere. Anatulutsa kansalu n'kupukuta nsapato imodzi.

"Achimwene, madontho anu munawapeza onse?"

Bambo anati anawapeza.

"Ndiye chasinthidwa n'chiyani? Inu ndinu a Khutu. Njinga munaiyesa nokha, munaidinda nokha, ine ndinangokugwirirani kabotolo." Anandiyang'ana ine n'kumwetulira. "Mwanangu, zinthu zamagetsi zimafuna kuzisamala. Ndamva kuti umaiwala kutchaja."

Ndinkafuna kumulavulira. Bambo anandigwira dzanja molimba moti zala zawo zinasiya zizindikiro, ndipo Sopo anatiperekeza mpaka pageti, akuwauza Bambo m'khutu lomwelo kuti ngati akufuna kuyankhula ayankhule, iyenso ali ndi pakamwa, ndipo anthu adzasankha okha nkhani yokoma. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa kuti munthuyu sanatibere mwangozi. Anatisankha. Mwa ogula onse, Bambo okha ndi amene sakanatha kudandaula.

Milungu imene inatsatira sindifuna kuikumbukira. Njinga ndinkaitchaja katatu pa tsiku. Kumtunda ndinkadzera msewu wozungulira, wautali kawiri, ndipo ngakhale kumeneko ndinkafika mtima uli m'mwamba, maso pa timizere. Ogula ena anandisiya. Ndikamadutsa pasiteji ankandikuwira kuti a Oiwala, lero mwakumbukira? Pophika ndinkamenya mazira ndikuganiza nkhope ya Sopo. Ndinaganizapo zokawotcha shedi yake, ndinaganizapo zokamuthira shuga wosungunula mu nsapato. Za polisi Bambo anakana, anati akatifunsa umboni tidzaonetsa chiyani, mng'alu wa chogwirira? Iwo anasiya kudya bwino. Ankakhala pa sitepe m'mawa wonse, kabotolo kali m'manja, akukatembenuzatembenuza.

Kenako anachita chinthu chimene chinandinyansa kuposa zonse. Anayamba kumutamanda Sopo. Pasiteji panali amuna asanu amene anatopa ndi mizere ya petulo ndipo ankafuna njinga zamagetsi, mmodzi mwa iwo anali Wapampando wa siteji, bambo wamkulu thupi wosakonda zoseka. Atabwera kudzafunsa Bambo, iwo anawauza kuti njinga zabwino zili kwa Sopo. Lolemba anatenga mmodzi kukayesa njinga yofiira. Lachitatu anatenga wina kukayesa yakuda. Onse awiri anabwerako akuyamikira mmene njinga zimakwerera chitunda. Bambo anamuuza Sopo kuti asafulumire, amuna onse asanu adzabwera pamodzi Loweruka kudzagula njinga zisanu. Ndinamva kuti Sopo anawasisita paphewa n'kuwalonjeza kangachepe.

Lachitatu lomwelo madzulo ndinawaikira chakudya patebulo mochita kuponya. Ndinawauza kuti ndinkadziwa kuti ndi onyada, koma sindinkadziwa kuti angagulitse anthu asanu pofuna kusunga thabwa. Anandisiya kuti ndimalize. Kenako anandiuza kuti Lolemba, pamene ankanamizira kuyang'ana choimikira njinga yofiira, anadontheza kadontho pansi pa batire lake, pakona pamene diso silifika. Lero, pa njinga yakuda, anapisa chala pansi pa batire n'kulipeza dontho lomwelo.

"Ali ndi batire limodzi lokha labwino," anatero. "Ndi limene amayesetsa njinga zonse. N'chifukwa chake amatulutsa imodziimodzi kuchokera kuseri."

Ndinakhala pansi. Ndinawafunsa chimene chidzachitike Sopo akayankhula, monga analonjezera. Bambo anati zimenezo ndizisiye, ine ndingotchaja njinga yanga kuti idzaze Loweruka, ndipo ndidzawanyamule.

Loweruka tinafika m'mawa, anthu atayamba kale kudzaza kumsika. Sopo anali atatsuka njinga zisanu, zonse zili mbee pamzere, timizere tisanutisanu pa iliyonse. Anayamba kunena kuti aziyesa mmodzimmodzi, iye azikailowetsa kaye iliyonse kuseri kuti aione komaliza. Bambo anayankha mwaulemu kuti amunawa asiya ntchito pasiteji, alibe nthawi, ndiye akwere onse pamodzi mpaka pa thanki ya madzi n'kubwerera. Wapampando anati zimenezo ndiye zanzeru. Sopo anati malamulo a malo ake salola njinga zisanu kutuluka nthawi imodzi popanda mwini wake. Bambo anati palibe vuto, mwini wake akwere nawo, kumbuyo kwa Wapampando kuli malo. Amuna aja anali atakwera kale, zipewa zili kumutu.

Ndinaona nkhope ya Sopo ikusintha, ndipo ndikuvomera kuti mtima wanga unakoma ngati ndamwa madzi ozizira. Anawakokera Bambo pambali, pafupi ndi pamene ndinaima, moti ndinamva zonse.

"Achimwene, tisachititsane manyazi. Batire labwino ndimupatsa mwanayu lero lomwe. Palibe adzadziwe kanthu. Inu mungowauza anthuwa kuti abwere Lolemba."

Kunena zoona, mtima wanga unagwa pakati. Batire ndinkalifuna, ndipo Bambo thabwa lawo likanatsala pageti. Iwo anayang'ana nsapato za Sopo kwa kanthawi.

"Nanga asanu enawa muwapatsa chiyani?"

"Amenewo si ana anu. Koma mudziwe, mukandigwetsa tigwera limodzi. Ndiwauza mmene ndinakugwirirani kabotolo."

"Tiyeni tikwere kaye," anatero Bambo.

Tinanyamuka njinga zisanu ndi imodzi, yanga pambuyo, Bambo atandigwira m'chiuno. Njinga zamagetsi sizilira, ndiye tinadutsa m'mbali mwa msika mwakachetechete ngati anthu opita kukaona wodwala. A kabaza otsala pasiteji anaimirira kuti aone, amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu anatembenuka. Tinayamba kukwera. Yoyamba kufa inali yofiira ija, imene Lolemba inakwera ngati ndege. Inatsatira yobiriwira. Yanga inafera pamalo ake a masiku onse, pafupi ndi mtengo wa magetsi wopendekeka, moti ndinachita kuika phazi pansi isanaime. Ina inakwerako pang'ono n'kuimanso. Ya Wapampando, yonyamula anthu awiri, inayesetsa, kenako inaima n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, ndipo Sopo polumpha anaponda m'ngalande ya madzi otuluka kumsika, nsapato zonse ziwiri. Yakuda yokha ndi imene inakafika pa thanki n'kubwerera, woikwera akudabwa kuti anzake aimiranji.

Anthu anatizungulira posachedwa. Sopo anayamba kunena za mawaya, za kutentha kwa dzuwa, za anyamata osadziwa kuyendetsa zinthu zamakono. Bambo anatsika pang'onopang'ono chifukwa cha msana, anapempha kuti asolole batire la njinga yakuda n'kulitembenuza. Anaitana uja anayesa yofiira Lolemba ndi uja anayesa yakuda Lachitatu, n'kuwaonetsa dontho lofiira pakona. Anawauza kuti onse awiri anayesa batire limodzi lomweli, ndipo akanagula, mawa lake akanapita kwawo ndi mabokosi akufa ngati amene ali m'njinga zinazi. Pasiteji palibe amene sankalidziwa dontho la a Khutu. Wapampando anavula chipewa n'kumuyang'ana Sopo.

Wina m'gulumo anayamba kuwomba m'manja, akuti a Khutu ndi a Khutu basi, amamva ngakhale njinga yosalira. Wina anafunsa kuti anadziwa bwanji. Wachitatu, poona njinga yanga itaimanso, anaseka kuti koma a Oiwala okha ndiye aiwalanso. Ndinaona Sopo akutsegula pakamwa, chala chitaloza kale kwa Bambo. Bambo anakweza dzanja, monga ankachitira ndi anthu olongosola mavuto a injini, ndipo ngakhale Sopo anakhala chete mwachizolowezi.

"Sindinamve kanthu," anatero. "Ndinadziwa chifukwa woyamba kupusitsidwa ndine. Njinga ya mwana wangayi ndinaiyesa ine, ndinaika madontho paliponse, mpaka pa magalasi, koma pa batire sindinaike, chifukwa sindinkadziwa kuti batire ndiye njinga. Uyu anandigwirira kabotolo akuona. Mwanayu sanaiwalepo kutchaja ngakhale tsiku limodzi. Ndine ndinamuuza kuti aname, kuti inu musadziwe kuti njinga izi ine sindizidziwa."

Sopo anatsala pakamwa pali yasa, chala chili m'mwamba, chifukwa chida chokhacho chimene anali nacho Bambo anali atachithyola okha. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinali nditawakwiyira milungu isanu ndi umodzi, ndipo pamenepo ndinkafuna kuwatseka pakamwa ndi dzanja.

Wapampando ndi amene anayamba kuyankhula. Analamula kuti batire la dontho liikidwe m'njinga yanga, poti ndi limene ndinayesa pogula, ndipo lakufalo apatsidwe mwini wake. Sopo sanatsutse. Anamusenzetsa batire lakufalo pamanja, ndipo amuna aja anamusiyira njinga zake pachitunda pomwepo kuti azitsitse yekha imodziimodzi. Anayenda maulendo asanu, msika wonse ukuonerera, nsapato zikulira madzi. Ine ndinagula chakumwa chozizira n'kukhala pa mwala mpaka ulendo womaliza. Sindikupepesa.

Pasanathe mwezi malo a Sopo anatsekedwa. Anthu amene anagulako kale anayamba kubwera mmodzimmodzi ndi mabatire awo, ndipo kenako anabwera ndi apolisi. Nkhaniyo inatha mmene inathera, koma lero Sopo amatsuka magalimoto kuseri kwa malo omwetsera mafuta, atavala majombo.

Zimene Bambo ankaopa zinachitikanso ndendende. A kabaza sanawanyoze pamaso, amawapatsabe moni waulemu, ena amawagulira tiyi. Koma pageti sagogodanso. Ambiri tsopano akufuna njinga zamagetsi, ndipo amapita kwa mayi wina wa kumsika amene ali ndi kachipangizo kamawaya awiri koyezera mabatire. Ngakhale ogula za petulo anachepa, chifukwa munthu akanena yekha pagulu kuti sadziwa, anthu samvetsera kuti watchula njinga ziti. Ndinamva mnyamata wina pasiteji akuti khutu lija linagontha. Ndinaima, kumufunsa ngati njinga imene wakhalirayo anamusankhira ndi agogo ake, ndipo anapepesa, koma kupepesa kwake sikunabweretse munthu pageti.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza Bambo akuzula thabwa lija. Analidula bwinobwino m'mbali, kulipala, n'kulimanga ndi mabawuti kumbuyo kwa njinga yanga, zilembo zitayang'ana pansi, kuti bokosi la keke lizikhala pamalo osapendekeka. Likugwira ntchito bwino kwambiri. Keke sinapindikenso. Atamanga bawuti lomaliza anatulutsa kabotolo, anadontheza pa thabwalo, n'kudonthezanso pa batire, ngakhale linali nalo kale dontho.

Tsopano amandithandiza kupinda mabokosi ndi kuphwanya mazira, ntchito imene amaigwira moipa. Nthawi zina njinga ya petulo ikadutsa mumsewu amaima, dzira lili m'manja, kupendeketsa mutu, n'kunena chimene chadwala m'kati mwake. Amanena kwa ine, poti palibenso wina wofunsa.

Loweruka lililonse m'mawa amavala chipewa n'kundiuza kuti ndiwanyamule. Sanena kumene tikupita, ndipo ine sindifunsa. Timachotsa bokosi la keke, amakhala pa thabwa lawo, ndipo timadzera kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Njinga yosalankhula ija tsopano amaikonda pa chifukwa chimodzi: Sopo satimva tikamabwera. Timamupeza atawerama ndi ndowa, ndipo tikafika pambuyo pake penipeni Bambo amandigwira paphewa, ine n'kuliza hutala. Sabata yatha anadzidzimuka mpaka kudzithira madzi a thovu.

Titapitirira pang'ono ndinawafunsa zimene ndakhala ndikufuna kufunsa kuyambira tsiku la pachitunda, ngati samadandaula kuti akanangolandira batire lija mwakachetechete, thabwa n'kukhalabe pageti. Ndinamva dzanja lawo likusisita m'mphepete mwa thabwalo, pansi, kumene kuli zilembo.

"Ndimadandaula tsiku lililonse," anatero. "Tabwerera, Sopo sanatione bwino."